Mapapo a Mbuzi ya Nasiru

Fungo linawapeza a Enoki Namakhwa asanadutse n'komwe phiri la Mpyupyu. Munali mu Okutobala 1995, chaka chimene nyanja ya Chilwa inkaphwa, ndipo mphepo yochokera kummawa inkanyamula zonse zimene madzi anasiya, matope owola, matemba ofa ndi utsi. Anatsika panjinga n'kumanga kampango pamphuno. Atakumana ndi amayi ena amene anawaseka, anakamasula n'kukabwezera m'thumba.

A Namakhwa anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kwa Mwambo. Mlamba sankadya, ndipo kudoko sankapitako. Chimene chinawayendetsa tsiku limenelo chinali uthenga umene anabwera nawo munthu wina wogula nsomba. Malita, mwana wa mlongo wawo, amene anakwatiwa ndi msodzi dzina lake Sumaili, anali akutsokomola kuyambira nthawi yokolola mpunga, ndipo tsopano sankathanso kupita kumjigo. Mayi ake a Malita anamwalira kale. Mwinimbumba anali a Namakhwa, ndipo panalibe wina woti apite.

Pa doko la Kachulu mabwato anali atagona chammbali pa dothi long'ambika. Madzi ankangooneka ngati kamzere kotuwa kufupi ndi chilumba cha Chisi. Amuna ankayenda mtunda wautali pa thope kukatola milamba imene inatsekeredwa m'zithaphwi, n'kumaikoka m'masaka. Nsomba zinachuluka kuposa owamba, ndipo nkhuni zinali zitatha. Anthu ankasonkhera chilichonse chimene chingayake, zisononkho, udzu wa mlulu, ndowe zouma, zidutswa za maukonde a nayiloni, ngakhale mapatapata oduka. Kuseri kwa msasa uliwonse kunali mulu wa matumbo a nsomba, ndipo milu ina inkayenda yokha chifukwa cha mphutsi. A Namakhwa ankayang'ana pamene akuponda, koma nsapato zawo zinali zitamata kale.

Anafunsa kwa Sumaili, ndipo anawalozera kumsasa wa kumapeto. Pakhomo panali mayi wonenepa atakhala pa chidebe, akutumbula milamba. Anali Asiyatu, mlongo wake wamkulu wa Sumaili. Ntchentche zinali zitadzaza pa mikono yake ndipo sankazipirikitsa.

“Odi kuno.”

“Ee! Aphunzitsi! Mwasochera kodi?” Asiyatu anaseka, osadzuka. “Ndi malaya oyera amenewo? Mukamabwerera akhala a mtundu wa mlamba.”

“Mwaswera bwanji, Che Asiyatu. Ndabwera kudzaona Malita.”

“Ali pa mankhwala.”

“Mankhwala a kuchipatala?”

Asiyatu analoza ndi mpeni kanyumba kaudzu kamene kanali kuseri kwake. Khomo lake linali lotsekedwa ndi saka, ndipo utsi wachikasu unkatulukira m'denga monse.

“Mmenemo si mowambira nsomba?”

“Ndi momwemo. Lowani, sakuluma.”

A Namakhwa anakweza sakalo n'kuwerama. Poyamba sanaone kanthu, maso anadzaza misozi. Kenaka anaona dzenje la moto, waya pamwamba pake, ndi milamba yopindidwa mchira kukamwa, mafuta ake akudonthera pa makala. Mwaye unali lendelende kudenga. Cha kukhoma, pa mkeka wakuda ndi mafuta, panagona Malita. Anali atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Milomo yake inali yotuwa modera, ndipo akamakoka mpweya, khungu la pakati pa nthiti linkalowa m'kati. Pafupi ndi mutu wake panali chitini cha mkaka chimene ankalavuliramo. A Namakhwa anasuzumiramo kamodzi. Munali makhololo okhuthala, akuda ngati dothi la kudambo, ena ali ndi timizere ta magazi, ndipo ntchentche ina inali itamiramo.

“Amalume,” anatero Malita. Mawu ake ankaduka. “Mwavutikiranji?”

“Wakhala muno kuyambira liti?”

“Ndimatuluka. Ndikafuna kuchimbudzi.”

“Dzuka. Njinga ili panja, tikupita kuchipatala.”

“Sapita,” anatero Asiyatu. Anali ataima pakhomo, mpeni udakali m'manja. “Chifuwa chake ndi chamadzi, aphunzitsi. Mverani nokha akamapuma, chikubwadamuka ngati phala. Nanga madzi amachoka ndi chiyani? Mlamba ukamatuluka m'thope umakhala wonyowa, woterera, mawa lake wanunkha. Ukagona pa utsi umauma bwinobwino, umafika ku Limbe osawola. Ife pano timatero. Aliyense wa chifuwa chamadzi amagona muno mpaka chiume.”

“Munthu si mlamba.”

“Ndiye mundiuze chifukwa chake akatuluka panja amatsokomola mpaka kusanza, koma muno amagona phee.”

“N'zoona, amalume,” anatero Malita. “Muno mumafunda. Panja mphepo imandibaya.” Anapuma kaye. “Ndipo akandigoneka ku wodi ya chifuwa chachikulu, pano anena kuti ndi matenda a boma. Ndikamatuluka ndipeza a Sumaili atakwatira wina.”

“Sumailiyo ali kuti?”

“Ali kuthope, kufupi ndi Chisi,” anayankha Asiyatu. “Abwera mawa kapena mkuja. Mwini wake kulibe, ine sindingatulutse mkazi wa munthu.”

A Namakhwa anafuna kunena kuti mwini wake wa Malita ndi iwo, ndipo pa mwambo akanapambana mlanduwo. Koma munthu wamkulu sangamangidwe pa kaliyala ngati thumba la mpunga. Malita akanapanda kufuna yekha, akanatsika pa doko pomwepo. Utsi wa nayiloni unawalowa a Namakhwa kukhosi, ndipo anatuluka mofulumira kukaima kuseri kwa msasa. Kumeneko anapeza mulu wa matumbo uja, choncho anapitirira mpaka pa mtengo wa mthethe umene unali chapatali pang'ono.

Pa mtengowo panapachikika mbuzi yosendedwa. Bambo wina wa kachipewa koyera, dzina lake Nasiru, amene ankakazinga nyama pa chiwaya n'kumagulitsa kwa asodzi, anali atangoitumbula kumene. Anali kutulutsa zam'kati n'kumaziponya m'beseni. A Namakhwa anayang'ana kumbali, kenaka anayang'ananso. Chaka ndi chaka ankajambula mapapo pabolodi, zinthu ziwiri zonga mapapaya zolendewera pa kamtengo, ana n'kumakopera. Anali asanawagwirepo ndi manja.

“Achimwene, mapapowo musawadule. Mundichotsere pamodzi ndi kholingo lake.”

“Mapapo okha? Aphunzitsi athunthu?” Nasiru anapukusa mutu. “Tengani chiwindi, boma silikuonani.”

“Sindikufuna kudya. Ndingobwereka.”

“Kubwereka mapapo! Anu atha?” Anaseka, koma anawachotsa mosamala n'kuwapereka. “Mundibwezere. Amenewo ndi ndiwo za munthu.”

Anali ofunda ndi oterera, opepuka kuposa mmene a Namakhwa ankaganizira. Madzi ofiira anayenderera m'dzanja mpaka kulowa mumkono wa malaya. Anathyola bango pa mpanda wa msasa wina, analilowetsa m'kholingo n'kumanga ndi ulusi wa ukonde umene anatola pansi. Atafika pa kanyumba kaja anachotsa saka lonse pakhomo n'kuliponya padenga.

“Mukutulutsa utsi wanga!” anakuwa Asiyatu.

“Ubwerera. Malita, tembenuka, uyang'ane kuno.”

Amayi a m'misasa yoyandikana anayamba kusonkhana, ena ali ndi milamba m'manja. Nasiru nayenso anabwera kudzalondera nyama yake. A Namakhwa anaika mapapo pa chivundikiro cha chidebe n'kugwada. Bangolo linali litapakika magazi kunsonga, ndipo ntchentche ziwiri zinali zitaterapo kale. Anapukuta ndi kampango, koma kununkha kwa m'kati mwa mbuzi kunkatulukabe m'bowomo. Anatseka maso n'kuliika pakamwa. Linali lamchere.

Anauzira. Mapapo aja, amene anali atafwapa ngati nsanza yonyowa, anayamba kudzuka. Anakula mbali zonse ziwiri, makwinya anatha, ndipo mtundu unasintha kuchoka pa kufiira koderako n'kukhala wowala. Anadzaza chivundikiro chonse.

“Mayo ine!” anatero mayi wina, n'kubwerera m'mbuyo. “Yadzuka mbuzi!”

A Namakhwa anachotsa pakamwa. Mapapo anafwapa okha, akutulutsa mpweya wofunda wonunkha udzu wowola umene unawapemerera kumaso. Kenaka a Namakhwa analankhula mwa mawu awo a m'kalasi.

“Mmene mwaoneramu ndi mmene zimachitikira m'chifuwa mwa aliyense pano. Kungoti ife sitiuziridwa ndi munthu. Pansi pa mapapo pali nyama yopyapyala yonga denga. Ikatsika, nthiti n'kutambasuka, mpweya umalowa wokha. Umadutsa m'kholingomu, njira n'kugawika pawiri, n'kugawikanso, n'kugawikanso, ngati nthambi za mtengo, mpaka timanjira tochepa kuposa ulusi uwu.”

Anabwereka mpeni wa Nasiru n'kudula kansonga ka phapo limodzi. Anamanga pamene anadulapo ndi ulusi, kenaka anafinya kachidutswako. Panatuluka thovu lofiirira.

“Thovuli likuchokera m'timatumba. Kumapeto kwa kanjira kalikonse kuli timatumba tosaoneka ndi maso, tambirimbiri. Khungu lake ndi lopyapyala kwambiri, ndipo kuseri kwake kumadutsa magazi. Mu mpweya umene timakoka muli mbali imodzi imene thupi limafuna, dzina lake okosijeni. Imeneyo imawoloka kakhunguko n'kulowa m'magazi, mtima n'kuitumiza kumutu, kumiyendo, konse. Mpweya woipa umene thupi latha nawo ntchito umawolokera pomwepo n'kutuluka. Okosijeni akachepa m'magazi, miyendo imakana kuyenda ndipo milomo imada. Muyang'ane milomo ya mwanayo.”

Amayi ena anasuzumira m'kanyumbamo. Malita anabisa pakamwa ndi chitenje.

“Tsono chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Mpweya sungawoloke kakhunguko ngati kali kouma. Mapapo amagwira ntchito ali onyowa. Gwirani nokha.” Palibe amene anagwira. “Makhololo amene mukuwatcha madziwo ndi chifuwa chikudzisesa. Utsi ukalowa, chifuwa chimapanga makhololo ena ambiri kuti chikole mwaye, ndipo timaubweya tosesa ta m'njiramo timafooka. Munthu amakhala phee chifukwa zoipazo zaleka kutuluka. Zimatsalira momwemo.”

Analowa m'kanyumbamo, anaika kachidutswa kaja pa waya pafupi ndi moto, n'kutuluka. Anthu anadikira. Nasiru anadandaula kuti nyama yake ikuphunzitsa sukulu osalipidwa. Patapita kanthawi a Namakhwa anakatola kachidutswako. Kanali katakwinyika, kakuda, kolimba ngati lamba wa patapata. Anakapatsa Asiyatu.

“Ichi ndi chimene mukufuna chikhale m'chifuwa mwa mlamu wanu.”

Asiyatu anakatembenuza, anakanunkhiza, n'kukaponya mkamwa. Anatafuna akuwayang'ana m'maso.

“Mchere wachepa,” anatero. Amayi aja anafa nazo kuseka. “Aphunzitsi, iyi ndi nyama yakufa. Nyama yakufa imapsa, aliyense amadziwa. Ine ndayamba kuwamba nsomba ndisanavinidwe. Ndagona mu utsi, ndadyera mu utsi, ana anga ndawayamwitsira mu utsi. Ndafa? Taonani thupi ili. Inu a mpweya wabwinonu, muli ngati bango lanulo.”

Mkamwa mwa a Namakhwa munali kukoma kwa magazi a mbuzi, mawondo a thalauza anali atanyowa ndi madzi a nsomba, ndipo Malita anali atagonanso chogadama. A Namakhwa anayamba kumasula ulusi kuti abweze nyama ya mwini wake.

“Dikirani,” anatero Asiyatu. “Mwatiopseza ndi matsenga a ana a sukulu. Bweretsani kuno, ndikuonetseni kuti chifuwa cha kudoko n'chotani.”

Analanda bangolo, osalipukuta, n'kugwada. Anakoka mpweya mpaka mapewa kukwera, n'kuuzira. Mapapo anagwedezeka. Mbali imodzi inatukuka pang'ono, ngati chule akamapuma, n'kugweranso.

“Bowo latsekeka,” anatero.

“Silinatseke, mayi,” anatero Nasiru. “Ndikuona kuno.”

Asiyatu anayesanso. Masaya anafufuma, mitsempha ya m'khosi inatuluka, maso anafiira. Mapapo anangotukuka pang'ono ngati poyamba paja. Pomwepo mpweya unamuthera, ndipo chifuwa chinamugwira. Sichinali chifuwa cha munthu wotsamwa. Chinachokera pansi, chikulira ngati macheka pa mtengo wauwisi, ndipo sichinkatha. Anasiya bango, anagwira pansi ndi manja onse awiri, kenaka anakhala pa dothi miyendo ili tambalale. Mayi wina anamumenya kumsana. Pomaliza analavula pa phulusa limene linali pakhomopo. Chimene chinagwa chinali chachikulu, chakuda, chonanda, ndipo sichinalowe m'phulusa. Chinangokhala pamwamba.

Palibe amene anaseka. Amayi awiri anayang'anana, wina anakhosomola pang'ono n'kudzigwira pakamwa.

“Alamu,” anatero Malita ali m'kati. “Mwatani?”

“Malovu,” anatero Asiyatu. Mawu sankatuluka bwino. “Ndatsamwa malovu.”

Malita anadzuka ndi chigongono. Anayang'ana pa phulusa paja, kenaka anayang'ana m'chitini chake. Ankawamva alamu akewo m'mawa uliwonse akutsokomola kuseri kwa msasa, ndipo ankawaona akupumira panjira pochokera kumjigo, ndowa ili pansi, akunamizira kumanga mpango. Anakankha chitinicho ndi dzanja n'kuyamba kukwawa.

Atangofika panja, mphepo inamuwomba ndipo nayenso anayamba kutsokomola. Anatsokomola mpaka misozi, mpaka kusanza madzi achikasu pafupi ndi nsapato za amalume ake. A Namakhwa sanasunthe mapazi.

“Mwaona?” anatero Asiyatu, akadali pansi. “Mwaona zimene ndimanena?”

“Zisiyeni zituluke,” anatero a Namakhwa. “Malita, ukalowanso mmenemo chifuwa chikhala phee. Usankhe wekha.”

Malita anapukuta pakamwa.

“Alamu, mundipatse chitenje changa chabuluu chija. Ndi mbale.”

Asiyatu anadzuka movutikira, analowa mumsasa n'kutuluka ndi kamtolo ndi zitenje ziwiri.

“Sumaili mukamuuza nokha, aphunzitsi. Ine ndinena kuti munachita kuba.”

“Munene choncho.”

“Kwerani njingayo. Agwa ameneyu, alibe mphamvu zogwirira.”

A Namakhwa anakhala pa chishalo, amayi awiri anamukweza Malita pa kaliyala, ndipo Asiyatu anazunguliza chitenje kumsana kwa Malita n'kuchimanga pamimba pa a Namakhwa, mfundo yolimba ngati yoberekera mwana. Manja ake anasiya mamba ndi magazi a mlamba pa malaya. Atatha anatola mapapo aja pa chivundikiro, anasasa phulusa n'kuwapatsa Nasiru.

“Mundisungireko mbali imene sinadulidweyo,” anatero.

Msewu wochoka ku Kachulu unali wa mabampu ndi mchenga. Malita anatsamiritsa nkhope pamsana pa amalume ake, ndipo a Namakhwa ankamva kupuma kwake kudzera m'malaya, kofupika, kobwadamuka. Akatsokomola, chinyezi chofunda chinkafalikira pakati pa mapewa awo. Fungo la utsi ndi mafuta a nsomba linali m'tsitsi lake, ndipo linayenda nawo njira yonse. A Namakhwa ankapuma ndi pakamwa n'kumapalasa. Sanaime, chifukwa ankadziwa kuti akaima asanza, ndipo kuti asanze anayenera kumasula chitenjecho.

Pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, dokotala anamvetsera m'chifuwa mwa Malita n'kufunsa ngati amasuta fodya. A Namakhwa anati ayi, ndipo sanafotokoze zambiri. Dokotalayo anawatumiza ku Zomba. Kumeneko anayeza makhololo, anapeza chifuwa chachikulu, n'kumugoneka pa bedi la pafupi ndi windo. Anamubaya jakisoni tsiku ndi tsiku mpaka matako kuuma. Pamene mvula yoyamba inkagwa, milomo yake inali itabwerera mtundu wake, ndipo ankatha kuyenda yekha mpaka pa mpopi wa panja.

Sumaili anabwera sabata yoyamba yomweyo, thope lidakali m'zikhadabo. Sanakalipe. Anabweretsa milamba yowamba yokulungidwa m'pepala la simenti, mphatso yochokera kwa Asiyatu, ndipo wodi yonse inanunkha mpaka anamwino anamuuza kuti aitulutse. Za kudoko anati anthu akunenadi za matenda a boma, koma akunena akupakira katundu, chifukwa milamba yatha ndipo nyanja yauma mpaka ku Chisi. Malita atatuluka sanabwerere ku Kachulu. Anapita kumudzi kwa amalume ake, ndipo Sumaili anamutsatira n'kupatsidwa munda wa nandolo, umene ankaulima moipa.

Asiyatu anasamukira ku Liwonde kukawamba nsomba za mu Shire. Kuchipatala sanapiteko.

Malaya oyera aja a Namakhwa anawachapa ndi sopo, anawawiritsa, anawayanika padzuwa. Banga la kumsana silinachoke, choncho anawasandutsa a kumunda. Teremu yotsatira, atafika pa mutu wa kapumidwe, mwana wina amene anamva nkhaniyi anafunsa ngati abweretse mapapo a mbuzi. A Namakhwa anati ayi, n'kutenga choko.